Feteleza wanga anapita ndi madzi

Chaka chimene ndinataya thumba la feteleza wobereketsa palibe amene anandibera. Ndinalitaya ndekha, ndi manja angawa, m'munda umene amayi anandisiyira m'munsi mwa phiri la Chambe. Fetelezayo anabwera mochedwa, chimanga chitafika kale m'chiuno, masamba am'munsi atayamba kuchita chikasu. Ndinali nditagona masiku awiri pamzere wogulira fetelezayo kudikira kuti netiweki ibwere. Tsiku limene ndinafika nalo pakhomo thumbalo kunagwanso maliro kwa aneba, ndiye mtima unali kusiwa. Zoboola dzenje ndi kamtengo n'kukwirira, monga amanenera alangizi, ndinaziona ngati zondichedwetsa. Ndinangowaza pamwamba pa mizere ngati ndikuwazira nkhuku madeya, n'kusamba m'manja, ulendo wa kumaliro.

Usiku womwewo inagwa mvula ya kwathu kuno. Amene anakhalako ku Chambe akudziwa zimene ndikunena. Thanthwe limene latiyang'anali, lija okwera mapiri amaliwerengera pakati pa makoma amwala aatali kwambiri mu Africa, silimwa madzi. Dontho lililonse logwera pamenepo limatsika, ndipo likamafika m'minda mwathu limakhala litasonkhana ndi anzake. Kutacha ndinapeza mizere itadukaduka, mitsitsi ya chimanga ili pamtunda, timibulu toyera tija tosaoneka n'kamodzi komwe. Kumunsi kwa munda madzi ofiira anali akutsetserekabe kulowera kukhwawa. Ndinaimirira pamenepo n'kumawerengera ndalama, osati za nsomba kapena za nyanja ayi. Nyanja ine ndinali ndisanaiganizireko.

Amene anandiganizitsa za nyanja ndi achimwene anga. Iwo anakakwatira kumunsi kwa Phalombe, kufupi ndi nyanja ya Chilwa, ndipo amachita geni ya matemba ouma. Atabwera kudzationa miyezi ya masika ndinawadandaulira za thumba lija. Anaseka.

"Achemwali, ndiye ndinu amene mukutitumizira matope ndi ndere kunyanjaku?"

"Iyayi achimwene, musandinamizire. Madzi athu sabwera kwanu."

Pamenepo ndinanena zoona. Madzi a mbali ino ya phiri amatsika ndi Likhubula ndi Thuchila n'kukathira mu Ruo, Ruo n'kukakumana ndi Shire ku Chiromo. Koma mukangoyenda pang'ono pamsewu wopita ku Phalombe, dziko limapendekera kwina. Mtsinje wa Phalombe ndi wa Sombani, yochokera m'phiri lomweli la Mulanje, imapita ku Chilwa. Khasu lake ndi lomweli, mizere yake ndi yomweyi, feteleza wake ndi wochedwa yemweyu, anthu ake ndi abale athu omwe. Zimene ndinachita ine tsiku la maliro lija alipo wina amene anazichita kutsidyako, ndipo feteleza wakeyo anakafikadi kwa achimwene.

Chilwa ndi nyanja yosiyana ndi zinzake. Ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi, Phalombe ndi Sombani imathira m'menemo, kuphatikizapo Mnembo wochokera ku Mozambique, koma potulukira palibe. Madzi amachoka ndi dzuwa basi, ndipo dzuwa limatenga madzi okhaokha. Dothi, mchere, manyowa ndi feteleza zimene mitsinje yabweretsa zimatsala momwemo ngati nsenga pansi pa mbiya. Komanso nyanjayi ndi yosaya: m'malo ambiri mponda bwato amafika pansi ndi nsungwi yake. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, inatsika kwambiri mu 2012, ndipo mu 2018 anthu ankayenda pansi m'malo amene kale ankaponyamo makoka. Kuphwa kumeneku gwero lake lalikulu ndi kuchepa kwa mvula zaka zotsatizana, sindikufuna kunamizira khasu chilichonse. Koma mbale yosaya ukamaithiramo dothi chaka ndi chaka, madzi ake sachedwa kutha.

Nanga feteleza amaipitsa bwanji madzi, chikhalirecho ndi chakudya cha mbewu? Vuto lake ndi lomwelo lakuti ndi chakudya. M'thumba la feteleza wokulitsa, uja tinazolowera kumutchula kuti Chitowe, muli michere iwiri ikuluikulu: nayitrojeni ndi fosiforasi. Mu wobereketsa, uja wa yureya, muli nayitrojeni yekha. Nayitrojeni amasungunuka ngati mchere wa m'ndiwo, amayenda ndi madzi, ndipo yureya ukamusiya pamtunda wina amauluka ndi kutentha asanalowe n'komwe m'nthaka. Fosiforasi khalidwe lake ndi lina, amakakamira ku dothi. Dothi likakhala, naye amakhala. Dothi likanyamuka, amanyamuka nalo. Choncho madzi ofiira aja timawaona mu Januwale si matope chabe, ndi chonde cha munda chikusamuka.

Chikafika m'nyanja chimagwira ntchito yomwe chikanagwira m'munda, kungoti chodyetsedwa ndi china. Ndere zimachulukana mpaka madzi kusanduka obiriwira. Zikafa zimamira n'kuyamba kuola, ndipo kuolako kumadya mpweya umene nsomba zimapuma m'madzi. Madzi osaya, otentha, odekha, ndiye pamene mumamva kuti nsomba zayandama mimba zili m'mwamba. Mlamba umapirira chifukwa umatha kupuma mpweya wapamtunda, koma matemba ndi makumba alibe mwayi umenewo. Namasupuni, amene wavutitsa anthu mumtsinje wa Shire kwa zaka zambiri, naye amanenepa ndi madzi achonde omwewa. Kunena chilungamo, nyanja imafuna michere pang'ono: madzi oyamba a mitsinje ndiwo amadzutsa tizakudya ta matemba, ndipo n'chifukwa chake Chilwa, m'zaka zabwino, yakhala ikupereka gawo lalikulu la nsomba zonse zogwidwa m'Malawi muno ngakhale ndi yaing'ono poiyerekeza ndi nyanja ya Malawi. Ndiwo zimafuna mchere, koma osati wodzaza chikho.

Chimene chakhala chikuipulumutsa nyanjayi ndi dambo la njedza lomwe laizungulira. Madzi a mtsinje akalowa mu njedza amafooka, matope amakhazikika, mizu imayamwa michere, ndipo ofika pakati pa nyanja amakhala atasefedwako. Dambo lomweli ndi limene linachititsa kuti Chilwa ikhale malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo, chifukwa cha mbalame zake zam'madzi. Koma nyanja ikabwerera m'mbuyo, anthu amaitsatira ndi makasu. Amatentha njedza, amadzala mpunga, chimanga ndi masamba pa dothi lakuda lija. Achimwene nawo ali ndi kadimba kawo kumeneko. Nditawafunsa ngati akudziwa kuti akung'amba sefa ya nyanja yawo yomwe, anangoti, "Nanga ana adye njedza?" Sindinawayankhe.

Nkhani ya feteleza woipitsa nyanja imamveka kwambiri kumaiko olemera, ndipo kumeneko ili ndi nkhope ina. Mu Ogasiti 2014 anthu oposa 400,000 a mumzinda wa Toledo, m'boma la Ohio ku America, anauzidwa kuti asamwe madzi apampopi kwa masiku atatu, chifukwa ndere za m'nyanja ya Erie zinatulutsa poizoni. Fosiforasi wambiri wodyetsa nderezo amatsika ndi mtsinje wa Maumee kuchokera m'minda ikuluikulu ya chimanga ndi soya. Mu 2016 America ndi Canada anagwirizana kuti achepetse fosiforasi wolowa m'mbali zovutika za nyanjayo ndi magawo 40 pa 100 alionse. Kulemba papepala kunali kosavuta. Chovuta n'chakuti wochepetsa weniweni ndi mlimi aliyense payekha, pa munda wake, amene sungamuikire wapolisi.

Kumeneko mlimi amathira wambiri. Kuno timathira wochepa, wina sathira n'komwe. Munthu wobwera kudzatiuza kuti tichepetse feteleza pofuna kuteteza nyanja angasekedwe mpaka kukafika pa Chitakale. Vuto lathu si kuchuluka kwa feteleza, ndi lakuti kochepa komweko sikakhala pamene takaika. Kafukufuku amene bungwe la FAO linachita pamodzi ndi boma anapeza kuti mu 2014 hekitala imodzi m'Malawi muno inkataya dothi lolemera pafupifupi matani 29 pa chaka, tikaphatikiza dziko lonse. Matani 29 ndi matumba 580 a makilogalamu 50. Ndimati ndikaganiza kuti dziko lakhala likulowetsa ndalama zankhaninkhani m'makuponi kuyambira 2005, nthawi ya Bingu wa Mutharika, kenako mu ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo ya AIP imene inayamba mu 2020, pamene thumba linali K4,495 lisanakwere kufika K15,000, ndimadzifunsa kuti gawo lalikulu bwanji la ndalama zimenezo linakathera mu Ruo ndi mu Chilwa. Lero thumba la m'sitolo linadutsa K100,000. Kuipa kwa madzi a achimwene ndi umphawi wanga womwe, wangosintha malo.

Ndiye bwanji sitisintha? Njira zake si zachinsinsi. Mlimi aliyense wa ku Chambe atha kuziyimba ngati ndakatulo ya ku pulayimale: akalozera, mizere yopingasa chitunda, ngonyeka, udzu wa vetiva, maswale, kuphimbira, mtayakhasu, kukwirira feteleza, kusiya mpata m'mbali mwa mtsinje. Misonkhano takhalapo yambiri pansi pa mitengo ya mango, m'manja taomba, mayina talembetsa. Kuyambira 2010 kunalinso ntchito yaikulu ya zaka zingapo m'chigwa cha Chilwa, yothandizidwa ndi dziko la Norway ndipo yoyendetsedwa ndi bungwe la LEAD la ku Chancellor College pamodzi ndi WorldFish ndi a kafukufuku wa zankhalango, yolimbikitsa zinthu ngati zomwezi m'maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe. Uthenga sunasowe.

Chimene chimasowa choyamba ndi nthawi. Akalozera amafuna kukonzedwa mu Seputembala ndi Okutobala, dothi lili gwa ngati njerwa. Imeneyo ndi miyezi yomwe chimanga chatha m'nyumba zambiri ndipo munthu ali pa ganyu m'munda mwa wina kuti apeze ufa wa tsikulo. Munda wake amaulima madzulo, atatopa, ndipo amangotsata mizere yakalekale ngakhale ikhale yotsetsereka. Feteleza naye akabwera mochedwa, mu Januwale, amagwera pakati pa mvula yamphamvu komanso pakati pa kupalira ndi kubandira. Kuboola dzenje pa phando lililonse, kuyeza ndi kachitsekerero ka botolo, kukwirira ndi phazi, pa theka la ekala ndi ntchito ya tsiku lathunthu kwa anthu awiri. Kuwaza ndi ola limodzi. Ine ndinasankha ola limodzi, ndipo sindinali mbuli.

Kenako pali nkhani ya mwini munda, imene pamisonkhano sitiikamba chifukwa ndi ya m'nyumba. Kwathu kuno, kwa Alhomwe ndi Amang'anja, munda umayenda ndi akazi. Mwamuna ndi mkamwini. Bambo a kunyumba kwanga ndi munthu wakhama, koma tsiku limene ndinawapempha kuti tikumbe swale kumtunda kwa munda anandiyang'ana n'kunena mwanthabwala kuti, "Mayi, ndikumbe ine, mawa mukandipirikitsa adzadyerere mnzanga?" Tinaseka, koma m'nthabwalamo munali fupa. Swale kapena mtengo zimabweza phindu pakatha zaka. Munthu amene sakudziwa ngati adzakhalepo pa zaka zimenezo dzanja lake limalemera. Wochita lendi ndiye kwambiri. Boma la Mulanje linali ndi anthu oposa 680,000 pa kalembera wa 2018, malo abwino ambiri ali pansi pa tiyi, ndipo minda yobwereka kwa chaka chimodzi yachuluka. Wobwereka akakonza munda n'kuyamba kubereka bwino, chaka chamawa mwini wake amaulanda kapena kukweza mtengo. Ndani angadzale vetiva pamenepo?

Munda wa kumtunda kwa wanga ndi woteroyo. Chaka chilichonse pamabwera munthu wina. Ine ndingakonze mizere yanga mmene ndingathere, koma madzi akachokera kwa iye atatenga kale liwiro, amadula zonse. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chimene ntchito yoteteza nyanja imavutira: kuchokera pa thanthwe mpaka kukafika kunyanja pali minda zikwizikwi, ndipo wochita bwino mmodzi saona kusintha kulikonse. Mnzake wosasamala naye saona chilango chilichonse, chifukwa matope ake amakagwera munthu amene sadzakumana naye.

Za madimba ndingonena mwachidule, poti nanenso ndili nalo. Lamulo limaletsa kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, ndipo aliyense amadziwa. Koma chinyontho chili pomwepo, tomato ndi mpiru za m'chilimwe ndizo zimalipira fizi, ndiye bango ndi nsenjere zimene zinkagwira gombe tinazizula. Feteleza wa m'dimba alibe ulendo wautali, amangotsetsereka mikono iwiri n'kulowa m'madzi. Moto nawo ndi chimodzimodzi. Timatentha mapesi posaka mbewa kapena pofuna kusosa msanga, phulusa lina limauluka, lina limatengedwa ndi chizimalupsa, ndipo dothi limakumana ndi mvula lili lamaliseche. Akatswiri amene anayeza nyanja ya Malawi cha m'ma 1990 anapeza kuti michere yambiri ndithu imagwera m'nyanjamo kuchokera mumlengalenga, ndi utsi, phulusa ndi fumbi. Moto wa mbewa umafika patali kuposa mmene timaganizira.

Alimi tisasenze tokha mlanduwu. Likangala amadutsa mumzinda wa Zomba asanakafike ku Chilwa, ndipo zimene amatola m'tauni si za khasu. Asodzi okhala m'zimbowera, tinyumba toyandama pa nyanjapo, chimbudzi chawo ndi madzi omwewo, n'chifukwa chake kolera sachedwa kubuka kumeneko. M'phiri muno mikungudza inatha ndi macheka, makala akutsika usiku ndi usiku, ndipo madzi amene kale ankatsika pang'onopang'ono lero amabwera tsiku limodzi. Amene anaona Napolo wa ku Phalombe mu Malichi 1991, kapena namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, akudziwa kuti pali mvula ina imene ngonyeka sangailetse. Koma mvula yotero imabwera kamodzi pa zaka zambiri. Dothi lochuluka limapita mwakachetechete, ndi mvula wamba ya chaka chilichonse.

Ena amati boma lingokhwimitsa lamulo, wolima motsetsereka alipitsidwe. Agogo anga akanakhala moyo akanawauza za malimidwe. Cha m'ma 1950 boma la atsamunda linkakakamiza anthu kuunda mizere yopingasa ndi kukumba milambala, ndipo wokana ankalipitsidwa faindi kapena kumangidwa. Malangizowo ena anali abwino ndithu, ndi omwewa tikuuzidwa lerowa. Koma anabwera ndi chikwapu, kwa anthu amene anali atalandidwa kale malo ndi kuzunzika ndi thangata, ndipo chidani cha malimidwe chinathandiza kukokera anthu akumidzi ku Nyasaland African Congress. Agogo ankati milambala ina anthu ankaigumula usiku, dala. Mpaka lero mlangizi akafika ndi mawu olamula, nkhalamba zimangoti "tamva", n'kubwerera ku mizere yawo yakale.

Chimene ndaona chikugwira ntchito n'chosiyana ndi zonsezi, ndipo nyanja sichiitchula n'komwe. Feteleza atakwera mtengo, anthu a m'mudzi mwathu anayamba okha kupanga manyowa a Mbeya: madeya, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono, kusakaniza, kumanga m'thumba la pulasitiki kwa masabata atatu. Palibe amene anawakakamiza. Ndipo munthu amene wavutika masabata atatu kupanga thumba lake saliwaza pamtunda, amakwirira bwinobwino ngati akubisa ndalama. Nandolo amene timadzala m'chimanga kuti tigulitse amagwetsa masamba ophimba nthaka ndipo amaonjezera nayitrojeni wake. Kalongonda, amene anthu a m'tauni amatiseka naye Alhomwe chifukwa chophika tsiku lonse, amayala pansi ngati mphasa moti mvula siimenya dothi. Makolo athu sankadziwa mawu akuti fosiforasi, koma munda wa kalongonda sunkatulutsa madzi ofiira. Alangizi akanamayambira pamenepa, pa thumba la mlimi ndi pa mphika wake, m'malo moyambira pa chithunzi cha nyanja imene ambiri a ife sitinaiponde, bwenzi tili patali. Ndipo feteleza wotsika mtengo akanamafika mu Okutobala, theka la kuwaza kuja bwenzi litatha lokha.

Ine chimene chinandisintha ndi manyazi a m'mawa uja. Chaka chotsatira ndinapempha mbewu ya vetiva kwa mayi wina wa kumpingo kwathu, ndinadzala mzere umodzi m'malire a kumtunda ndi wina pakati pa munda. Bambo a kunyumba anakumba nawo, akung'ung'udza. Chaka choyamba udzuwo unkaoneka ngati tsitsi la mwana wodwala, ndipo mbuzi za aneba zinaudyako. Amene ankabwereka munda wakumtunda chaka chimenecho ndinamupatsako mbewu kuti adzale kwake. Anandithokoza mwaulemu n'kunena kuti, "Amayi, mundawu si wanga." Mbewuyo inaumira pa chitsa.

Tsopano papita zaka zinayi. Vetiva wakumtunda uja anagwirana ngati mpanda, ndipo kuseri kwake kwaunjikana dothi lakuda lofika pafupifupi m'bondo, moti munda wanga uli ndi sitepe imene kale panalibe. Dothi limenelo si langa. Latsika kuchokera m'munda wa lendi uja, pamodzi ndi feteleza wa anthu anayi osiyanasiyana amene alimapo. Achimwene atabwera chaka chino anayeza ndi ndodo, n'kuzula mapesi angapo a vetiva kumangirira pa kaliyala ya njinga, pamwamba pa dengu la matemba, kuti akayese m'mbali mwa dimba lawo. Kaya akadzala kaya akaiwala pa msika wa Phalombe, ndidzamva akadzabweranso. Pa sitepe paja ndinadzalapo maungu, ndipo anabereka moti ena anaolera m'munda. Awiri ndinakampatsa mnyamata amene akubwereka munda wakumtunda chaka chino. Anafunsa kuti ndathira feteleza wanji.